Anesi Akagogoda Pakhomo Panu

"Ndati tsika ukatsegule!"

"Tsikani ndinu, Amayi. Nyumbayi ndi yanu."

"Iwe Nayeli, pakamwapo! Sukuona kuti manja anga ali pa ntchito?"

"Nanga angawa ali m'thumba?"

Tinkakangana monong'ona, titanyonyomala padenga pakati pa khofi amene tinayanika m'mawa, aliyense atakumbatira chopalasira chake. Denga lathu ndi la simenti, lathyathyathya, ndipo lili ndi kakhoma kolekeza m'chiuno kuzungulira konse. Ukawerama, wa mumsewu sangakuone. Pansipo anesi a Araceli anagogodanso kachitatu. Njinga yawo yamoto anaisiya ikulira pageti.

"Odi kuno! Doña Gudelia!"

Doña ndi mawu aulemu oitanira amayi akuluakulu kuno. Aliyense wofika pakhomo pathu amaitana dzina la Amayi, ndiye zimenezo sizinandipusitse. Ndinkadziwa kuti akufuna ine.

"Akufuna andikokere ku zoyezayeza zawozo," Amayi ananong'ona. "Bambo ako anakana kalekale. Kawauze kuti ndapita kumunda."

"Ine ayi. Akandiona andibaya jakisoni uja ndinathawa kusukulu."

"Chimtsikana chonsechi kuopa jakisoni!"

"Nanga inu mukuopa chiyani?"

Anandiyang'ana ndi diso lija limene limatontholetsa ndi agalu omwe. Tinakhala chete mpaka njinga inatembenuka n'kutsetsereka kulowera kuchipatala. Limenelo linali Lachitatu. Inali itabwera kale Lolemba, ine n'kudzitsekera m'bafa, Amayi akuti anali kuseri kwa nyumba ndipo sanamve kanthu.

Ku Santa Inés kuno aliyense amadziwa mmene anesi a Araceli amagwirira ntchito. Galimoto yapinki yoyeza khansa ya khomo la chiberekero imabwera kawiri pachaka n'kuima pafupi ndi msika. Azimayi amalowa mmodzimmodzi, amawatenga timadzi pang'ono ndi kaburashi, n'kutumiza kuchipatala chachikulu cha mumzinda wa Xalapa. Pakatha miyezi iwiri, zotsatira zikakhala zabwino, pepala lako limakudikira pawindo la chipatala. Ukafuna ukatenge, ukafuna lisiye. Zikakhala zina, anesi sadikira kuti ubwere, amakwera njinga. Ndiye njinga ija ikalira mumsewu wanu, makatani onse amasuntha. Zaka ziwiri zapitazo inaima kwa Doña Hermila wogulitsa maluwa, mnzawo wa Amayi. Iwo anaizemba mpaka Khirisimasi, ndipo pofika Pasaka tinakawaika ndi maluwa awo omwe.

Ine ndinalowa m'galimoto imeneyo mu Novembala, masana, amayi onse atabalalika kukaphika. Galimotoyo ndi ya a zaka makumi awiri ndi zisanu kupita m'tsogolo, pomwe ine ndili ndi khumi ndi zisanu ndi zitatu. Anesi anandiyang'ana pamwamba pa magalasi awo. Ndinawanong'oneza za Ulises, chibwenzi changa, za zimene zinayamba titamaliza mayeso, ndi za kupweteka kwina kumene kunkandiopsa. Sanandikalipire. Anangoti, "Kwera apa. Ndikapanda kukufuna kwanu, uzigona tulo." Nambala ya foni ndinawapatsa yabodza chifukwa cha mantha. Koma nyumba sungainamize m'tauni ya misewu isanu ndi umodzi.

Kupweteka kuja kunatha kokha, ine n'kuiwala. Mutu wanga unali kunyanja. Ulises anali atapeza ntchito yonyamula zikwama pa hotela ina ku Playa del Carmen, mzinda wa m'mbali mwa nyanja, ndipo msuweni wake anandipezera yoyala mabedi. Basi yathu inali ya Loweruka m'mawa. Nyanja sindinaionepo, koma ndikamapalasa khofi ndinkatseka maso, phokoso la chopalasira n'kusanduka mafunde. Ndinkadziona nditavala diresi yoyera, Ulises akubwera pamchenga nsapato zili m'manja, akunena mawu amene chiyambire sananenepo. Masiku ndinkawawerenga ngati wandende. Mapiri athuwa, chifunga chake, belu la tchalitchi, zonse zinkandithina ngati nsapato ya chaka chatha.

Za ulendowo Amayi ankazidziwa. Za ine ndi Ulises ankangodziwa zimene ankaona pabenchi ya tchalitchi. Tsiku limene ndinawauza ndinkayembekeza kuti alira, andiletsa, ine ndilire, tikumbatirane. Anangoti, "Pita, nyumba ipumeko." Amayi sapempha kanthu kwa munthu. Bambo anga, a Leobardo, akhala kunja kwa dziko lino, ku Carolina, zaka zisanu ndi chimodzi akukhoma madenga a eni ake, amaimba Lamlungu lililonse, ndipo sindinamvepo Amayi akuwauza kuti bwerani.

Tsopano kwatsala masiku atatu, njinga.

Lachitatu lonselo sindinakhale pansi. Ndinasesa m'chipinda kawiri. Ndinapinda zovala, ndinazipindula, ndinazipindanso. Ndinaima pagalasi kufufuza ngati matendawo akuoneka m'maso. Poyamba ndinadziona nditagona m'bokosi loyera, wokongola kuposa kale, Ulises akulira mpaka kukomoka, ndipo kunena zoona zinandikomera pang'ono. Kenako ndinakumbukira mmene Doña Hermila anaumira, ndolo zikuwalemera m'makutu, ndipo ndinathamangira kubafa.

Amayi nawo sankakhazikika. Nyemba anathira mchere kawiri. Foni yawo inali yozima kuyambira Lolemba, akuti batire yakalamba. Galimoto iliyonse ikadutsa ankaimitsa mpeni m'mwamba. Ine ndinkati ndi chifukwa cha ulendo wanga, ndipo mumtima ndinanyada: ohoo, kani zikuwapweteka.

Lachinayi masana ndinamupeza Ulises pamasitepe a tchalitchi akudya chimanga chophika chopaka tsabola ndi mandimu, tsabola mpaka pamphuno.

"Mfumukazi ya khofi yatsika padenga," anatero. "Luma."

"Sindikufuna."

"Iwe kukana chimanga? Ndiye ukudwala."

"Nditati ndikudwaladi?"

"Chimfine? Chikathera m'basi."

"Osati chimfine, chitsiru iwe. Matenda enieni, oti ndikagone m'chipatala miyezi. Ungandidikire?"

Ndinkafuna agwetse chimangacho, andigwire manja onse awiri, anene kuti angadikire mpaka mapiri atasungunuka. Iye anayamba watafuna kaye.

"Lolemba ndikuyenera kuyamba ntchito, Naye. Ndikapanda kufika apatsa wina." Anandiyang'anitsitsa. "Ndi za njinga ija eti? Tauni yonse ikukamba. Akuti ikufuna amayi ako."

"Amayi? Iwo aja sangakwere galimoto imeneyo ngakhale utawamanga chingwe. Ikufuna ine."

Ndinamuuza zonse. Chimanga chija anachiika pansi, nyerere n'kuyamba kuchipeza. Makutu ake akuluakulu aja anafiira.

"Ndiye kuti ndakupatsira ndine?"

"Ndidziwa bwanji?"

"Pita ukafunsetu! Chipatala si icho? Mphindi zisanu."

"Pawindo pamakhala mpongozi wa Doña Petra. Ndikangotchula dzina langa, pofika madzulo ndi nkhuku zomwe zidziwa."

Doña Petra ndi oyandikana nafe. Denga lawo ndi lalitali kuposa lathu, ndipo maso awo ndi aatali kuposa denga.

"Tiye tonse," anatero Ulises.

"Kuti aonetsetse bwino? Ayi. Tingopirira mpaka Loweruka. Kunyanja kulibe njinga ya anesi."

"Nanga matendawo atsala pasiteji?"

Ndinakwiya chifukwa ankanena zoona, ndipo ananena popanda kukometsa ngakhale pang'ono. Ndinamusiya pomwepo. Ndinazungulira msika kawiri, ndinafika mpaka pakona ya chipatala, ndinaona mzera wa amayi pawindo, ndinabwerera. Ndinapitanso. Ndinabwereranso. Miyendo inkafuna kuyenda koma sinkadziwa kolowera.

Lachisanu kunacha bwino. Tinayanika khofi yense, matumba asanu ndi atatu, wongotsala tsiku limodzi kuti aume. Cha m'ma 2 koloko chifunga chinayamba kukwera kuchokera kuchigwa, ndipo kuno chifunga chikakwera, mvula yamawawa imakhala ili kumbuyo kwake. Khofi wouma akanyowa amachita chuku, ogula amangomununkhiza n'kupukusa mutu. Amayi amaimva mvula isanaganize n'komwe zobwera. Chibadwire changa sindinaonepo khofi wawo atanyowa.

Tinathamangira padenga ndi matumba. Titangodzaza limodzi, njinga inalira pakona.

Tonse pansi, chafufumimba.

Kugogoda. Kenako chinthu chimene sichinachitikepo: injini inazima.

"Doña Gudelia," anaitana anesi, mawu ali phee, "lero ndabwera ndi kamba wanga. Ndikhala pakhonde pano mpaka wina atuluke."

Tinamva akutsegula kontena. Dontho loyamba linandigwera pakhosi, lachiwiri pakhutu. Khofi amene anali patsogolo pa mphuno yanga anayamba kuchita madonthomadontho akuda. Ndinatembenuza mutu kuyang'ana Amayi, ndikudikira kuti adzambatuke. Anali gone, tsaya lili pa khofi, maso atatseka, milomo ikuyenda.

"Amayi, khofi."

"Msiye."

"Akunyowatu!"

"Ndati msiye."

Ndinati: akudziwa. Wina wawauza. Akulolera kuti khofi wa chaka chonse awole kuti anesi asanditchule pamaso pa anthu. Misozi inayamba kusakanikirana ndi mvula. Mayi uyu amene sananenepo kuti amandikonda, lero akundibisa ndi thukuta lake lonse!

"Gudelia!" Mawu anachokera kumwamba, padenga la Doña Petra. "Wafa kodi? Khofi akunyowa iwe uli gone ngati buluzi, ndi mwana yemwe! Anesi, ali pamwamba onse awiri, kwerani masitepe a kuseriwo!"

"Mulungu amukhululukire," anatero Amayi, "ine sindingathe."

Anesi a Araceli anatulukira ndi chisoti chawo cha njinga chili kumutu, akupuma mwawefuwefu, pakuti ndi munthu wathupi. Anatiyang'ana tili chigonere, anayang'ana khofi, anayang'ana kumwamba. Anatola thumba.

"Gwira kukamwa kwake, iwe. Doña Gudelia, palasani. Zinazo pambuyo."

Tinagwira ntchito atatu osalankhula. Amayi ankapalasa ngati akumenyana ndi munthu, anesi ankawola ndi beseni, ine ndikugwira matumba. Tinawakokera m'kachisakasa ka malata kamene kali pangodya ya denga, pafupi ndi thanki ya madzi. Mmenemo maso a Doña Petra safika. Tinathithikana atatu pakati pa matumba, tonse titanyowa, mvula ikumenya malata. Anesi anavula chisoti, anatsegula chikwama chawo, anatulutsa envelopu yoyera.

Sindinathe kudikira. Chibadwire sindinathepo.

"Anesi, imani kaye. Ndinene ndekha." Ndinatembenukira kwa Amayi koma ndinkayang'ana mapazi awo. "Amayi, mu Novembala ndinalowa m'galimoto yapinki ija. Ine ndi Ulises si zapabenchi ya tchalitchi zokha. Pepalalo ndi langa. Pepani chifukwa cha khofi."

Nditadzutsa mutu, Amayi anali kukamwa yasa. Anesi anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta ndi nsonga ya juzi.

"Mwana iwe," anatero. "Poti wanena wekha, imva. Pepala lako lili pawindo kuyambira sabata yatha. Lili bwinobwino, mulibe kalikonse."

"Koma mwabwera katatu!"

"Ndabwera pakhomo pa amayi ako." Anavalanso magalasi. "Doña Gudelia, titsike tikalankhule awiri?"

Amayi anakhala pa thumba pang'onopang'ono ngati munthu wokalamba. Sanandiyang'ane.

"Nenani pompano. Zobisa zatha m'nyumba muno, mwamva nokha." Kenako, kwa ine, kapena kwa thanki ya madzi: "Ndinapita m'mawa, kusanadzaze anthu, nditafunda mpango kumutu. Hermila anandilumbiritsa asanatisiye."

Tsiku lomwelo. Galimoto yomweyo, bedi lomwelo. Iwo m'mawa, ine masana, madzulo n'kudyera pa tebulo limodzi tikukambirana za mtengo wa tomato.

"Mundimvetse bwino," anatero anesi. "Si khansa. Koma pakhomo la chiberekero pali malo amene asintha, ndipo asintha kwambiri. Tikawasiya, ndi amene amadzasanduka khansa. Ku Xalapa akayang'ana ndi makina okulitsa, akatenga kachidutswa kokapima. Ambiri amangowachotsa malowo n'kubwerera kwawo tsiku lomwelo. Ndinakupezerani malo Lolemba lino, 8 koloko m'mawa. Mukaphonya, ena ndi mu Epulo. N'chifukwa chake ndakhala ndikutha matayala pamsewu wanuwu."

"Nanga Leobardo ndimuuza chiyani?" Mawu a Amayi anali aang'ono, osati awo. "Kuti ndinakavula kwa anthu iye atakana? Ndiye akuti kachilombo kake kamabwera ndi mwamuna. Iye zaka zisanu ndi chimodzi kulibe. Aganiza chiyani za ine?"

"Kachilombo kameneka kamatha kugona m'thupi zaka khumi, ngakhale makumi awiri, osaoneka. Pafupifupi aliyense amakumana nako pa moyo wake. Bambowo akakhala ndi mafunso, muwapatse nambala yanga, ndili ndi mayankho ambiri ndipo ena sawakonda." Anaika envelopu pabondo pa Amayi. "Foni muyatse. Ndipo musapite nokha. Munthu akamatuluka m'chipinda chija miyendo imakhala si yake."

Anavala chisoti natuluka pamvula. Tinamva akufuula chakumwamba: "Ndimafuna khofi wogula, Doña Petra, koma wanyowa! Lowani m'nyumba mungadwale, n'kudzakupezani ndi njinga!"

Njinga inalira, inatsetsereka, inazimirira.

Ndinene zoona, ngakhale zikundichititsa manyazi. Chinthu choyamba chimene ndinamva mumtima chinali chimwemwe. Sindifa. Nyanja ilipobe, basi ilipobe, mawa lomweli. Chimwemwecho chinakhala mwina kupuma katatu. Kenako ndinaona envelopu ikugwedezeka pabondo pa Amayi, ndipo sinali mphepo.

"Ulises ameneyo," anatero pomaliza. "Ndi makutu akewo."

"Eya."

"Kuyambira liti?"

"Julaye."

"Ndikanakhala ndi mphamvu ndikanakuswa ndi chopalasirachi."

"Ndikupatseni?"

Anatulutsa mpweya m'mphuno, kuseka kosafika pakamwa. Anapisa dzanja m'thumba la khofi, anatapa, ananunkhiza, anamusiya akuyoyoka pakati pa zala. Anatapanso.

"Mawa kukawala timuyanikanso," anatero. Kenako anadzikonza: "Ndimuyanikanso."

"Ndiwaimbire amayi aang'ono a Chela akuperekezeni Lolemba?"

"Chela? Tisanafike pasiteji abale onse mpaka a ku Carolina adziwa."

"Nanga Doña Petra? Aona kale zonse."

"Usandiseketse, m'mimba mukundipweteka." Anapinda envelopu ija pakati n'kuilowetsa m'bulauzi. "Ndipita ndekha. Xalapa ndimamudziwa. Iwe tsika ukalonge, basi yako ndi ya m'mawa. Juzi yobiriwira ija usaiwale, m'basi mumazizira. Pita."

Ndinaimirira. Ndinafika pakhomo pa kachisakasa, mvula ikundiwaza kumaso. Kutsogoloku kunali chifunga chokhachokha, tchalitchi osaoneka, msewu wa ku Xalapa osaoneka. Ndinaganiza za Ulises ataima pasiteji ndi matikiti awiri akuyang'ana wotchi. Ndinaganiza za Amayi ali okha pabenchi ya chipatala, chikwama chili pamiyendo, akuuza aliyense kuti ali bwino. Miyendo inkandiyabwa, kutsika sindinatsike, kubwerera sindinabwerere. Kenako mkwiyo unangondikwera, sindikudziwa kumene unachokera.

"Pita, pita, pita!" Ndinatembenuka. "Bambo munawauza kuti pitani. Ine mukuti pita. Mwabisala masiku atatu, lero mpaka kugona pamvula, kuthawa kapepala, ndiye mukundiuza za juzi? Ine sindine mfiti, Amayi, za mumtima mwanu sindingaziwombeze. Basi inyamuka 6 koloko. Nenani chimene mukufuna!"

"Usandikweze mawu, Petra akumva."

"Amve!"

Dzanja lawo linali lidakali m'thumba la khofi. Madzi ankatsika kuchokera m'tsitsi lawo n'kudontha pachibwano, iwo osapukuta. Ndinali nditatsala pang'ono kutsika pamene analankhula, osandiyang'ana poyamba, kenako n'kundiyang'ana.

"Sindikufuna Chela. Sindikufuna bambo ako. Ndikuopa, Nayeli. Usakwere mawa. Ndikufuna ndikamatuluka m'chipinda chimenecho ndikupeze iweyo uli pakhomo."